Galimoto ya Bambo Ikuzimazima

4 Malichi

Wokondedwa mlongo wanga Sipanala,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga. Kuno tilipo. Mphwako, mwana wangayu, wayamba sukulu ya mkaka ndipo akutisowetsa mtendere ndi tinyimbo take. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umangoti "Achemwali, ndikuimbirani, ndili pansi pa galimoto." Ndiye ndati mwina kalata ikhoza kukwawa n'kukupeza pansi pomwepo.

Nkhani ndi galimoto ya Bambo. Yayamba kuzimazima. Akafika pa mphambano imazima, akati anyamuke imazimanso, ndipo pa chitunda chija chopita kusukulu ikumakwera ngati nkhalamba yosenza thumba. Dzana anthu a m'mbuyo anawaimbira mahutala mpaka Bambo anafika kunyumba nkhope ili gwa, tiyi osamukhudza.

Ukudziwa kuti chimwalirireni Amayi, galimotoyi ndiye mnzawo. M'mawa amaperekeza mphwako kusukulu, kenako amanditengera mayunifolomu amene ndasoka kukasiya m'mashopu. Ndikawauza kuti ndikwera basi amakwiya, amati munthu amene wayendetsa mabwana moyo wake wonse sangaone mwana wake akulendewera pa chitseko cha basi. Galimoto ikafa, sindikudziwa kuti m'mawa adzidzukira chiyani.

Ndalama sindikupempha, usayambe kutuluka thukuta. Ndikupempha makutu akowo. Tinakuphunzitsa umakaniko kuti uzikonzera anthu a m'tauni okha? Bwera udzaimve wekha. Chipinda chako chilipo, ndangoikamo nsalu pang'ono.

Ndine mlongo wako wamkulu.

9 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Kalata yanu yandipezadi pansi pa galimoto, kondakitala wa basi anachita kundikoka phazi. Tonse tili bwino, alamu anu akupereka moni. Mphwangayo mumuuze kuti amalume akufuna adzamve nyimbozo.

Kubwera pakali pano n'kovuta. Abwana alandira ntchito ya magalimoto a kampani ina, bwalo ladzaza, ndipo amene amadziwa za injini bwinobwino ndine ndekha. Koma musadandaule. Galimoto ya Bambo ndimaidziwa kuposa nkhope yanga. Injini imafuna zinthu zitatu basi, mafuta, mpweya ndi moto, ndipo ikamazima ndiye kuti chimodzi mwa izi chikuperewera. M'katonimu muli mapulagi atsopano ndi fyuluta ya mafuta. Bambo aika okha, sizovuta. Zakalezo musataye, munditumizire pa basi yomweyi, chifukwa pulagi yakale imaulula zimene zikuchitika m'kati mwa injini.

Muwapatse Bambo tsamba ili andiyankhe okha, chifukwa inu mungandiuze kuti "ikungopanga phokoso." Bambo, kodi imazima ikadali yozizira kapena ikatentha? Mukailiza n'kuisiya itaima pabwalo, imazima yokha? Isanazime imayamba yatsokomola, kapena imangoti zii? Mukailizanso imavuta? Utsi ukutuluka wamtundu wanji? Ndipo pa chitunda paja, ikamatha mphamvu, kulira kwa injini kumatsika, kapena injini imakuwa koma galimoto osayenda? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri.

Munthu wina ndikanamuuza kuti abweretse galimoto ndione. Koma Bambo akafotokoza vuto, zili ngati ndaiyendetsa ndekha.

Nsalu zanuzo zikhale kaye m'chipindamo.

Ine mlongo wanu,
Sipanala

14 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino. Katoni yafika ndipo ndathokoza. Mapulagi ndamanga, fyuluta ndasintha, sindinafune thandizo la munthu.

Mafunso ako ndawaona. Ukufunsa ngati dokotala, zikuoneka kuti sukulu ija sinapite pachabe. Galimoto imavuta kwambiri m'mawa, dzuwa likakwera imachitako bwino. Ndikaisiya ikulira pabwalo siizima, imalira mosalala ngati mphaka. Imazima ndikamaima pa mphambano, ndiponso ndikamanyamuka. Imadumpha kamodzi n'kuzima. Ndikapotokola kiyi imalira nthawi yomweyo. Utsi palibe. Oyilo ndimayeza tsiku lililonse monga mwa kale, madzi ali bwino, batire ndi yamphamvu. Petulo ndimathira pamalo amodzi omwe aja.

Pa chitunda imatha mphamvu.

Mlongo wako amakulitsa nkhani, anatengera mayi ake. Usasiye ntchito chifukwa cha kagalimoto kokalamba. Ine ndinagwira chiwongolero iwe usanabadwe, ndipo palibe galimoto inandigonetsapo pa msewu. Iyinso tiigonjetsa. Ungonditumizira chimene ukuganiza kuti chatha.

Upereke moni kwa apongozi anga.

Bambo ako.

23 Malichi

Sipanala,

Moni kumeneko. Kuno tadzuka, koma mapulagi ako sanasinthe kanthu. Akale aja ndi awa ndakulunga m'kansalu, pamodzi ndi fyuluta. Andidetsera tebulo losokera.

Usakwiye, ndinapita kwa makaniko uja wa kuseri kwa msika. Bambo atagona masana ndinamupatsa kiyi. Anaizungulitsa tauni yonse, chitunda cha kusukulu anakwera ine ndili momwemo, galimoto osatsokomola ngakhale kamodzi. Pobweza kiyi anati, "Mayi, galimotoyi ilibe mlandu." Bambo atamva anakalipa mpaka mphwako anabisala kuseri kwa makina. Akuti mnyamatayo amayendetsa ngati waba, ndipo galimoto yothamangitsidwa choncho siipeza mpata woonetsa matenda ake. Akuti ndisadzagwirenso kiyi wawo.

Tsopano ndikuuze chimene chikundidya. Ndikuganiza kuti Bambo ayambiranso kumwa. M'mawa akumayenda mogwira khoma. Masitepe a pakhonde akumatsika cham'mbali, ndipo Lamulungu anakhala pansi mwadzidzidzi pakati pa kupukuta galimoto, n'kunena kuti akuyang'ana tayala. Dzulo ndinanunkhiza kapu yawo iwo atatuluka. Ndinafufuzanso m'buti, pansi pa mipando, mpaka m'thumba la jekete lawo la ntchito lija. Sindinapeze botolo, ndinangopeza chithunzi cha Amayi. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba, mkazi wamkulu ine kusecha matumba a bambo anga.

Iwe uli kutali, umangolandira mapulagi. Ine ndi amene ndimawaona m'mawa uliwonse akutuluka pageti ndi mwana wanga kumbuyo.

Mlongo wako.

29 Malichi

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu yandikhumudwitsa, ndisakubisireni. Bambo anasiya mowa ife tili ana, ndipo sanayambe agwirapo chiwongolero atalawa ngakhale kadontho. Munthu wa zaka zawo akagwira khoma m'mawa ndiye kuti waledzera? Inuyo mukadzuka pa makina anuwo simugwira msana? Musawachititse manyazi.

Makaniko wanuyo sindikumudziwa, koma vuto lobwera ndi kupita silioneka pa ulendo umodzi. Pano timalandira magalimoto otere sabata iliyonse, kwa mwini wake ikuvuta, ikafika pagalaja ikhala ngati mwana wabwino. Pakati pa mnyamata wa kuseri kwa msika ndi Bambo, ine ndikhulupirira Bambo.

Mapulagi ndawaona. Kunena zoona ndi abwino, nsonga zake ndi zofiirira ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti moto ndi mafuta zikukumana bwino. Fyuluta ndinaidula pakati, mulibe zinyalala. Zandizunguza mutu pang'ono. Chatsala ndi pampu ya mafuta. Ikayamba kutopa imakankha petulo wochepa, ndiye pa chitunda injini imamva njala, ndipo nthawi zina imazima pa mphambano. Ndatumiza pampu ina, ndi yabwino, ndaiyesa ndekha.

Bambo anayankha mafunso onse kupatula limodzi, la kulira kwa injini pa chitunda. Mwina anangoiwala. Muwafunse mwaulemu, osati ngati wapolisi.

Mwezi ukatha ndiyesetsa ndibwere. Ndikudziwa kuti ndinanenanso choncho nthawi ya maliro itatha, musandikumbutse.

Sipanala

19 Epulo

Sipanala,

Moni. Ndachedwa kuyankha dala, ndimafuna mkwiyo uyambe watsika, chifukwa ndikanalemba tsiku lomwelo pepala likanapsa. Mwezi unatha, ndinachotsa nsalu m'chipinda chako, ndipo ndazibwezeramo.

Pampu anaika. Anatenga tsiku lonse, ndipo polowa pansi pa galimoto ndi potuluka anakana kuti ndiwaone, ananditumiza kukagula sopo amene tinali naye kale. Galimoto ikadali chimodzimodzi.

Funso lako ndinawafunsa mwaulemu wonse umene ndili nawo. Anati, "Umuuze kuti imatha mphamvu, Chichewa chake n'chomwecho." Ndiye Lachiwiri ndinanamizira kuti ndikufuna kukaonana ndi aphunzitsi, n'kukwera nawo. Ine za injini sindidziwa, ndingokuuza zimene makutu anga anamva. Titayamba chitunda injini inakuwa kwambiri, ngati ikufuna kutuluka m'boneti, koma galimoto imangokwawa, mpaka wa njinga anatipitirira akutiyang'ana. Kenako munadzaza fungo ngati la nsimbi yoiwalika pa nsalu. Ndinati, "Bambo, chikupsa n'chiyani?" Iwo anati ndi zinyalala akuwotcha anthu, n'kutsegula windo.

Mowa sindinamve fungo lake, pamenepo mwina unanena zoona. Koma ulendo wonse thukuta linali kamukamu m'khosi mwawo, m'mawa kozizira.

Ndakuuza zonse. Tumiza katoni ina, poti ndiye mwana amene Bambo atsala naye.

Mlongo wako.

22 Epulo

Achemwali anga,

Moni, ndipo zikomo! Mwagwira ntchito imene amakaniko awiri tinalephera. Za katoni zija zandilasa, koma ndazilandira.

Injini ikamakuwa galimoto osayenda, ndi fungo loterolo, vuto si mafuta ayi. Ndi kilatchi. Ndi mbale imene imalumikiza injini ndi magiya, ndipo ikatha imangoterereka, mphamvu yonse n'kuthera m'phokoso. Galimoto yakale ngati imeneyo n'zosadabwitsa. Bambo akanandiyankha poyamba paja tikanamaliza kalekale.

Ndatumiza mbale yatsopano ndi zonse zoyendera limodzi. Iyi si ntchito ya pabwalo, pafunika kutsitsa giyabokosi, ndiye mupite nayo kwa makaniko wanu uja. Mumuuze kuti ndapepesa, ngakhale sakudziwa zimene ndinamunena.

Za kuzimazima zija sizikugwirizana kwenikweni ndi kilatchi yoterereka, koma tiyeni tithane ndi ichi kaye. Lero ndigona tulo.

Sipanala

27 Meyi

Sipanala,

Sindikudziwa ngati ndiyambe ndi moni. Tonse tili moyo, ndiyambe ndi pamenepo.

Kilatchi yako inaikidwa ndipo masiku oyamba galimoto imakwera chitunda ngati yatsopano. Bambo anafika mpaka poimba mluzu. Kuzima pa mphambano sikunasiye, koma ndinati bola. Sabata yatha fungo lija linabwerera.

Lachinayi, pageti la sukulu, ana akuwoloka, galimoto inadumpha kutsogolo n'kukagunda chipilala cha geti, n'kuzima. Ana anabalalika akukuwa. Palibe amene anagundidwa, koma aphunzitsi akuti kamtsikana kena chikwama chake chinatsala pakati pa bampala ndi chipilala. Chikwama, Sipanala. Mphwako anadziluma mlomo, watupa, koma akudya. Atandiitana ndinapeza Bambo akadali pampando, manja ali pa chiwongolero, makolo atazungulira galimoto akuwanena mawu amene sindingalembe. Anakana kutsika mpaka anthu onse atachoka.

Kunyumba anangoti, "Ulembere mlongo wako, kilatchi anatumiza ija ndi yabodza." Makaniko waitsitsanso ndipo ndi iyi ili m'katonimu. Iye anangopukusa mutu, akuti mbale yotere amaiona m'magalimoto a sukulu yophunzitsa kuyendetsa. Sindinawauze Bambo zimenezo, angakamuphe.

Loweruka akuti akatenga galimoto, makaniko waikamo mbale ina yakale yongogwirizira. Akuti Lolemba aperekeza mwana monga mwa masiku onse. Ndawauza kuti mwana akudwala, ndipo ndidzanama choncho mpaka liti? Ndikawaletsa ndiye kuti ndawaika m'manda ali moyo. Ndikawalola ndiye kuti ndine mayi wotani?

China, ngati ungapeze nsapato zakuda zija amakonda, saizi yawo ukuidziwa. Ya kumanzere yabooka kunsonga ngati amakhulira pansi, wosoka nsapato wakana, pamene ya kumanja ikadali yatsopano. Zinthu za masiku ano n'zosalimba.

Mlongo wako.

30 Meyi

Achemwali,

Moni. Mphwanga ali bwanji mlomowo? Kalatayi muwerengere kuchipinda kwanu, Bambo asaione.

Mbale ija ndaiyang'ana mpaka anzanga pano anayamba kundifunsa ngati ndikuipempherera. Si yabodza, ndinagula ndekha kwa munthu amene sanandinamizepo. Yapsa mpaka chitsulo chasanduka chabuluu. Mbale yatsopano siingapse choncho m'mwezi umodzi pokhapokha ngati phazi likugona pa chopondera ulendo wonse. Ophunzira ndi amene amatero. Bambo pondiphunzitsa ankandimenya bondo ndi chipewa ndikangoiwala phazi pamenepo, ankati chopondera kilatchi si mpando. Munthu ameneyo sangagoneke phazi pa kilatchi mwadala.

Kenako ndinawerenganso za nsapato ija, ndipo ndinakhala pansi pa simenti.

Achemwali, galimoto ilibe vuto. Ndi mwendo wawo wa kumanzere. Ukulemera, sukuwamvera. Pa mphambano amachedwa kuponda kilatchi, ndiye injini imazima. Ponyamuka phazi limangochoka lonse nthawi imodzi, ndiye galimoto imadumpha. Akamayenda sangathe kulinyamula n'kuliika pambali, limatsamira pa chopondera, ndiye mbale imaterereka n'kupsa. M'mawa zimanyanya chifukwa mwendo umakhala usanamasuke. Itaima pabwalo siizima chifukwa palibe akuiponda. Bambo sananame pa yankho lililonse, anangodumpha funso limodzi limene ankadziwa kuti lindifikitsa ku phazi lawo.

Inu munaona munthu akugwira khoma, ine ndinakukalipirani. Makaniko uja ananena zoona, ndinamunyoza. Pagalaja pano sindigwira sipanala ndisanakhale pambali pa mwini galimoto, iye akuyendetsa, ine ndikuyang'ana manja ndi mapazi ake. Ndimachitira zimenezi anthu osawadziwa tsiku lililonse. Bambo anga okha ndi amene ndawakonzera galimoto pa kalata. Ndikanakwera basi mwezi wa Malichi uja ndikanaona tisanafike ndi pageti pomwe. Ndinkanena kuti ndimakhulupirira mawu awo, koma zoona zake n'zakuti katoni ndi yosavuta kutumiza kusiyana ndi kulowa m'nyumba imene mulibe Amayi. Mwana wa eni ake akanafa pa chipilala paja chifukwa cha ine. Ndikudziimba mlandu ndipo palibe chimene munganene choposa chimene ndikudziuza.

Asayendetsenso. Koma kuwauza pa pepala kuti mwendo wawo watha sindingathe, ndipo inu akakukalipirani n'kutenga kiyi. Ndiye chitani ichi. Pansi pa chiwongolero, cha kumanja, pali kabokosi kakuda. Mukatsegula muona timafyuzi tamitundumitundu. Ndajambula kuseri kwa pepalali, imene ndaizunguliza ndi ya pampu ya mafuta. Muikoke ndi zala, kapena ndi kopanira kanu kochotsera ulusi. Injini izizungulira koma siilira. Akafunsa, munene kuti ndikufufuza chitsulo china chosowa.

Ndikudziwa kuti ndi zamantha. Zingotigulira masiku mpaka abwana abwere ku ulendo, ndipemphe tchuthi, tidzakambe nawo tonse awiri.

Sipanala

5 Juni

Sipanala,

Moni. Mlomo wa mphwako waphwa, akupita kusukulu pa basi ndi ine.

Ndisanachite zimene unanena ndinafuna ndione ndekha. Loweruka atabwera ndi galimoto kuchokera kwa makaniko ndinaima kuseri kwa katani. Anazimitsa injini, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsegula chitseko. Kenako anagwira bondo la kumanzere ndi manja awiri, n'kuunyamula mwendo kuutulutsa panja ngati katundu wa munthu wina. Anakhala kaye akupuma, n'kuimirira, n'kukonza kolala, n'kulowa m'nyumba akufunsa ngati madzi a tiyi awira. Ine ndimakhala nawo nyumba imodzi, ndimawachapira, ndimawapatsa chakudya, ndipo ndinali kalikiliki kununkhiza makapu.

Fyuzi ndinachotsa Lamulungu masana iwo akugona. Ili m'kabotolo ka mabatani. Zinali ngati ndikuthira munthu mankhwala m'chakudya.

Lolemba anavala jekete, anapukuta galasi, anamuitana mdzukulu wawo kuti akwere. Injini inazungulira, inazungulira, osalira. Anatsegula boneti. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse akumakhala pamenepo, atatsamira galimoto ndi dzanja limodzi, akugwiragwira mawaya. Dzulo anandiitana kuti, "Mwana wanga, tapotokola kiyi ndimvere." Ndinakhala pampando wawo n'kupotokola, ndikudziwa bwinobwino kuti siilira, kabokosi kaja kali pafupi ndi bondo langa. Anati, "Basi, zikomo, wandithandiza." Ndinakalirira kubafa.

Wandisandutsa wakuba m'nyumba ya bambo anga, ndipo iwe uli kumeneko ukudikira abwana. Nzeru inali yako koma zala zinali zanga, ndipo nkhope yawo ndikuiona ndine. Za chipatala ndinayesa kuyambitsa, ndinati Bambo mwendowo bwanji, anati unachita dzanzi. Sindingathe ndekha. Ukapanda kubwera ndibwezera fyuziyo kapena ndiwauza zonse, sindikudziwa chimene chili choipa kwambiri.

Mlongo wako.

8 Juni

Mwana wanga,

Moni. Apongozi anga ali bwanji? Kalatayi ndapereka ndekha kwa kondakitala, mlongo wako sakudziwa.

Galimoto iyi ukapotokola kiyi pang'ono, usanalize, kumbuyo kumamveka kaphokoso ngati njuchi. Ndi pampu ikukoka mafuta. Lolemba njuchiyo sindinaimve. Pampu ndi yatsopano, unaiyesa wekha, ndiye ndinapita ku kabokosi ka mafyuzi. Fyuzi ikapsa imakhala pamalo pake yakuda. Iyi inachita kumera miyendo. Mlongo wako sadziwa ngakhale potsegulira boneti, ndiye ndinadziwa kuti mmisiri wake ndi ndani. Ntchito yake ndi yaukhondo, sunawononge kanthu.

Fyuzi ya wailesi ndi yofanana nayo. Ndinaizula, ndinaigwira m'manja, mdzukulu wanga ali kumbuyo ndi chikwama chake akufunsa kuti agogo tinyamuka liti. Pagalasi ndinaona kamlomo kake kotupa kaja. Ndinaibwezera pa wailesi.

Masiku enawa ndakhala ndikutsegula boneti kuti anthu odutsa aziona kuti yavuta ndi galimoto. Ndinamuvutitsanso mlongo wako kupotokola kiyi pachabe, ndimafuna ndione ngati anena. Sananene, koma maso ake anafiira, ndipo ndinadziona kuti ndine nkhalamba yoipa mtima. Iwenso ndakudyera ndalama ndi nthawi, ukugula zitsulo za galimoto yabwinobwino. Mwendowu unayamba Khirisimasi isanafike. Umayamba ngati nyerere kuphazi, kenako sindiumva. Ndinkati upola. Ndinkaopa kuti ndikanena mudzandilanda kiyi, ndipo ndikapanda kiyi ndine munthu wongodikira chakudya. Mwana wa eni ake uja ndimamuona ndikatseka maso. Usadziimbe mlandu, funso lako linali lolondola, wolakwa ndi amene sanayankhe.

Abwana ako uwauze kuti bambo ako akudwala, si bodza. Ubwere Lachisanu, Loweruka m'mawa dokotala wa miyendo amakhalapo. Usanyamule chitsulo chilichonse. Fyuzi ukaipemphe kwa mlongo wako, uike wekha, ine sindiigwira.

Uyendetsa ndiwe. Ine ndikhala mpando wa pambali. Chigulireni galimotoyi sindinakhalepo, ndiye ufike msanga uone ngati lamba wake amagwira.

Bambo ako.